MLANDU SUOLA: MBIRI YA MALOYA A ANTHU APANTCHITO KU JONI

Mwana akabwera kutchuthi nauza makolo ake kuti iye akadzatsiriza maphunziro afuna kudzakhala loya, ambiri a ife timasekerera chamumtima, pakuti maganizo athu amathamangira ku galimoto, nyumba yabwino ya m'tauni ndi ulemu wa mkanjo wakuda uja. Palibe choipa pamenepo. Koma ulipo mtundu wina wa maloya umene sitiutchula kawirikawiri pokamba za tsogolo la ana athu. Awa ndi maloya amene salipiritsa munthu wodzadandaula, amene malipiro awo amachokera ku bungwe losafuna phindu, ndipo milandu yawo ndi ya anthu ochotsedwa ntchito popanda chifukwa, opweteka pa ntchito, ndi opirikitsidwa pamalo. Mwezi uno tifuna kulondola mbiri ya ntchito imeneyi monga idakulira ku South Africa, dziko limene akuluakulu athu amalitcha Joni. Tasankha dzikoli chifukwa thukuta la Amalawi ambiri lidagwera kumeneko, komanso chifukwa kumeneko lamulo lenilenilo ndilo lidali mkwapulo wokwapulira wantchito. Loya wa amphawi ankayenera kufunafuna chilungamo m'kati mwa malamulo amene adalembedwa dala kuti chilungamocho chisapezeke.

Tiyambe ndi mwana wa kwathu konkuno. Clements Kadalie, wa ku Chifira kufupi ndi Bandawe, amene adaphunzira ku Livingstonia, adayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu Januwale 1919, pakati pa anthu onyamula katundu pa doko. Pofika 1927 bungwelo linkati lili ndi mamembala 100,000. Kadalie sadali loya, ngakhalenso mnzake wa ku Durban, A.W.G. Champion, koma onse awiri adaona msanga kuti mzungu amene sakumva kulira kwa wantchito amamva samani. Champion makamaka adali munthu wokonda kusuma. Mothandizidwa ndi maloya achizungu olipidwa, adagwetsa malamulo angapo a mzinda wa Durban, ndipo limodzi mwa malamulowo lidali lokakamiza anthu akuda obwera kudzafuna ntchito kuti ayambe atsukidwa ndi mankhwala ngati ng'ombe pa dipi. Mbiri yake idawanda kufikira kumafamu, kumene anthu okhala pa malo a azungu ankagula khadi lofiira la ICU ndi chikhulupiriro chakuti loya wa bungwe adzawatchinjiriza tsiku lopirikitsidwa. Komatu loya aliyense ankafuna zake. Ndalama zosonkha za mamembala zinkathera m'maofesi a maloya, ndipo pamene padaonjezekera mikangano ya atsogoleri ndi nkhanza za boma, bungwelo lidasweka chisanathe chaka cha 1930.

Zaka zotsatira sizidasowe maloya amtima wabwino. Nelson Mandela ndi Oliver Tambo adatsegula ofesi yawo ku Johannesburg mu 1952, ndipo anthu ankadzaza mpaka pamakwerero. Koma ofesi yotere imayenera kulipira lendi ndi makalaliki, tsono mlandu wa munthu wopanda khobidi umakambidwa pa nthawi yotsala. Chimene chinkasowa ndicho nyumba ya maloya imene ntchito yake yonse, kuyambira m'mawa kufikira madzulo, ikhale ya amphawi okhaokha.

Kuti timvetse zimene nyumba yotere idadzachita, tiyenera kudziwa ndime imodzi ya lamulo imene munthu wakuda aliyense kumeneko ankaidziwa pamtima ngakhale sadapite kusukulu. Iyi ndi ndime 10 ya lamulo la 1945 lolamulira anthu akuda m'matauni, monga idakhwimitsidwira mu 1952. Ndimeyo inkati munthu wakuda asakhale m'tauni kupitirira maola 72, pokhapokha ngati adabadwira momwemo nakhalamo osachoka, kapena wagwira ntchito kwa bwana mmodzi zaka 10 mosalekeza, kapena wakhalamo movomerezeka zaka 15, kapena ndi mkazi kaya mwana wa munthu wotere amene amakhala naye. Zonsezi zinkaoneka ndi chidindo cha m'chitupa. Wopezeka wopanda chidindo choyenera ankatengedwa kukhoti la bwanamkubwa wa anthu akuda, kumene mlandu unkatha m'mphindi zowerengeka. Amene adawerengetsa akuti pakati pa 1916 ndi 1984 padali kumangidwa kwa anthu kopitirira 17 miliyoni chifukwa cha malamulo a zitupa.

Oyamba kukhala pansi tsiku ndi tsiku ndi anthu ovutika ndi zitupa sadali maloya konse. Adali amayi achizungu a bungwe la Black Sash, lobadwa mu 1955, amene adatsegula ofesi ya uphungu ku Cape Town mu 1958 ndipo kenaka m'mizinda ina. Ntchito yawo idali yosaoneka bwino pamaso: tebulo, womasulira chinenero, ndi mzere wa anthu kuyambira mbandakucha. Mayi wa patebulo ankafunsa kuti, munafika liti, munagwira kwa yani, risiti ya lendi muli nayo kodi, kalata ya ubatizo ili kuti; ndipo zonse ankazilemba m'faelo. Sheena Duncan, amene adatsogolera bungwelo kuyambira 1975, adadziwa malamulo a zitupa koposa maloya ambiri a mikanjo. Lero anthu ogwira ntchito yotere amatchedwa ma paralegal, ndipo ife tiona kuti achinyamata ofuna ntchito ya chilungamo amaipeputsa molakwa, pakuti milandu ikuluikulu imene tikambe pansipa idatuluka m'mafaelo a matebulo otere.

Nyumba ya maloya ija idabadwa mu 1979 ku Johannesburg, ndi dzina lakuti Legal Resources Centre, mwachidule LRC. Oyambitsa adali atatu. Felicia Kentridge adali atayendetsa kale ntchito yophunzitsa ophunzira za malamulo pa yunivesite ya Witwatersrand kuthandiza amphawi kwaulere. Geoff Budlender adali loya wachinyamata amene adatsogolerapo ophunzira otsutsa tsankho. Wachitatu, Arthur Chaskalson, adali mmodzi wa maloya odziwika koposa m'dzikolo, amene adaimirako Mandela ndi anzake pa mlandu wa Rivonia mu 1963 ndi 1964, ndipo makampani akuluakulu ankamlimbirana. Iyeyu adasiya zonsezo ali ndi zaka zosakwana 50, nakakhala pa malipiro a pamwezi. Ndalama zoyambira zidachokera ku mabungwe atatu a ku America, Ford Foundation, Carnegie Corporation ndi Rockefeller Brothers Fund. Chopinga china chidachokera kwa maloya anzawo. Kumeneko maloya ali m'magulu awiri, ena olandira odandaula ndi kukonza mapepala, ena okalankhula m'makhoti akuluakulu, ndipo mwambo wawo sunkalola magulu awiriwa kukhala m'ofesi imodzi pa malipiro. Padayenera kupemphedwa chilolezo chapadera. Ofesi ina idatsegulidwa ku Durban mu 1982, ina ku Cape Town mu 1983.

Maloya owerengeka sangathe kumva madandaulo a anthu mamiliyoni. Nchifukwa chake LRC idatsata njira yosankha mlandu umodzi umene chigamulo chake chingamasule anthu ambiri a vuto lofanana. Njira imeneyi ndi yanzeru, koma ili ndi kuwawa kwake kumene ofuna ntchitoyi ayenera kukudziwiratu. Kusankha mmodzi ndiko kubweza ena ambiri pakhomo, amene kulira kwawo nkoona ndithu, koma mapepala awo ndi osakwanira kapena mbiri yawo ili ndi kachilema kamene loya wa boma angagwirepo.

Mlandu woyamba udali wa banja. Veli Komani adali ndi chilolezo chokhala ku Cape Town, ndipo mkazi wake Nonceba adamtsatira ku Gugulethu mu 1974. Ndime 10 inkalola mkazi amene amakhala ndi mwamuna wake. Koma lamulo lina laling'ono, lolembedwa ndi nduna, linkati munthu sangagone m'nyumba ya m'lokeshoni popanda chiphaso cha mlendo wogona, ndipo akuluakulu a lokeshoni ankakana kupereka chiphasocho kwa mkazi amene alibe kale chilolezo chokhala m'tauni. Taonani msampha wake: sungakhale ndi mwamuna wako popanda chiphaso, ndipo sungalandire chiphaso ngati sukhala kale ndi mwamuna wako movomerezeka. Chaskalson adakaima pamaso pa bwalo lalikulu la apilo ku Bloemfontein mu 1980. Sadakambe za kuipa kwa tsankho, pakuti oweruzawo sakadamumvera. Adangoonetsa kuti nduna ilibe mphamvu yolanda ndi lamulo laling'ono chimene nyumba ya malamulo idapereka m'lamulo lalikulu. Bwalo lidavomera, ndipo lamulo la chiphasocho lidagwa, patatha zaka zisanu ndi chimodzi mayi Komani atafika m'tauni.

Mlandu wachiwiri ndiwo uyenera kuukhalira pansi, poti ndi wa wantchito weniweni. Boma lidaona kuti anthu ambiri akukwanitsa zaka 10 kwa bwana mmodzi, tsono mu 1968 lidatulutsa malamulo akuti wantchito wochokera kumidzi azilembedwa pa kontirakiti ya chaka chimodzi chokha. Chaka chikatha ankayenera kubwerera kwawo, kukaonekera ku ofesi ya zantchito, ndi kusaina kontirakiti yatsopano, ngakhale akubwerera kwa bwana yemweyo, pa makina omwewo. Potero akuluakulu a boma ankati palibe amene wagwira mosalekeza, pakuti chaka chilichonse ntchito inkaduka. Mehlolo Tom Rikhoto, woyendetsa makina pa fakitale ina ku Germiston, adayamba ntchito mu 1970. Kwawo kudali ku Gazankulu, limodzi la madera ouma amene boma linkati ndiwo kwawo kwenikweni kwa anthu akuda. Atakwanitsa zaka 10 adapita kukapempha chidindo chake, ndipo adamkaniza.

Maloya a LRC adafunsa funso losavuta. Kodi pamene Rikhoto ankapita kwawo chaka ndi chaka, iye ndi bwana wake ankadziwa kuti ntchito yatha, kapena ankadziwa kuti wapita kutchuthi? Umboni udaonetsa kuti ankapita pa masabata ake a tchuthi, malo ake ankamsungira, ndipo onse awiri ankadziwa tsiku lobwerera. Khoti la ku Johannesburg lidagamula mu 1981 kuti munthu amene wapita kutchuthi sadaleke ntchito, ndipo kusaina pepala latsopano sikusintha zimene zikuchitika poyera. Akuluakulu a boma a dera la East Rand adachita apilo, koma mu Meyi 1983 bwalo la ku Bloemfontein lidagwirizana ndi chigamulo choyamba. Mawu amodzi okha, akuti mosalekeza, ndiwo adatsegulira khomo anthu zikwi zambiri amene adakalambira m'mahositela a amuna okhaokha. Awerengi athu aone pamenepa kuti luso la loya wa amphawi silikhala m'kukweza mawu. Likhala m'kuwerenga ndime imodzi kambirimbiri, ndi kusonkhanitsa makadi a malipiro a zaka khumi.

Wina angaganize kuti chigamulo chikatuluka nkhani yatha. Ayi ndithu, ndi pamene inkayambira. Makalaliki a m'maofesi a zitupa ankauza anthu kuti chigamulo cha Komani nchokhudza banja la Komani lokha. Ena ankati mafomu atha, ena ankati bwerani mwezi wamawa, ena ankafunsa makalata a mabwana amene mafakitale awo adatsekedwa kalekale. Maloya a LRC ndi amayi a Black Sash adalemba makalata osawerengeka, munthu mmodzimmodzi, kuopseza kuti abwereranso kukhoti. Nalonso boma, pokhala nyumba ya malamulo idali ya azungu okhaokha ndipo inkatha kusintha lamulo lililonse, lidaonjezera mu 1983 ndime yakuti banja la munthu wonga Rikhoto lingalowe m'tauni pokhapokha pali nyumba yovomerezeka, chonsecho boma lomwelo ndilo linkamanga nyumba zochepa dala. Komabe khoma lidali litang'aluka, ndipo mu 1986 malamulo a zitupa adathetsedwa.

Sitinena kuti maloya ndiwo adawathetsa. Adawathetsa ndi anthu amene ankalowabe m'matauni ngakhale amangidwe kangati, mabungwe a apantchito, ndi eni mafakitale amene ankafuna antchito okhazikika. Padalinso anthu oganiza bwino amene ankadzudzula njira yonseyi, nati kupita ku makhoti a boma la tsankho nkulivala boma limenelo chovala cha chilungamo, kuti lizinyadira kunja kuti kwathu ngakhale wakuda amapambana mlandu. Chidzudzulo chimenechi sichopanda pake. Koma ife tikayesa mbali zonse, tiona kuti chimanenedwa mosavuta ndi munthu amene amagona m'nyumba imodzi ndi mkazi wake. Mayi Komani sakadadikira kuti boma ligwe kuti aphikire banja lake.

Khomo lina lidatseguka m'chaka chomwe LRC idabadwa. Mu 1979 boma lidalola mabungwe a antchito akuda kulembetsa, lidakhazikitsa khoti la milandu ya zantchito, ndipo lidaika m'lamulo mawu oletsa kuchitira wantchito mosalungama, osalongosola bwino tanthauzo lake. Maloya a mabungwe, pamodzi ndi a Centre for Applied Legal Studies imene John Dugard adayambitsa mu 1978, adadzaza mawuwo ndi tanthauzo, mlandu ndi mlandu: kuti munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, kuti ayambe wamvedwa mbali yake, kuti pochepetsa antchito bwana akambirane ndi bungwe lawo. Zambiri zimene lero wantchito amaziyesa zachidziwikire zidamangidwa motero, njerwa imodzi pa inzake.

Nanga anthu ake a ntchito imeneyi ankachokera kuti, ndipo adakathera kuti? Makolo afunsa funso limeneli, ndipo ali ndi chifukwa. LRC inkatenga achinyamata otsiriza kumene maphunziro a malamulo, ambiri a iwo akuda amene maofesi a azungu sankawalemba, ndi kuwasula kwa chaka chimodzi pa milandu yeniyeni. Sandile Ngcobo adagwira ntchito ku ofesi ya Durban, ndipo mu 2009 adakhala mkulu wa oweruza onse m'dzikolo. Lex Mpati, amene paunyamata wake ankathira petulo m'magalimoto ndi kugulitsa m'bala, adaphunzira malamulo atakula kale, nagwira ntchito ku ofesi ya LRC ya ku Grahamstown, ndipo mu 2008 adakhala mtsogoleri wa bwalo lalikulu la apilo, lomwe lija la ku Bloemfontein. Chaskalson mwini adasankhidwa ndi Mandela mu 1994 kutsogolera khoti latsopano loona za malamulo oyendetsera dziko. Cyril Ramaphosa, amene adakhala Pulezidenti mu 2018, adayamba monga mlangizi wa zamalamulo wa mabungwe a apantchito asanatsogolere bungwe la a m'migodi la NUM mu 1982.

Tisanyengedwe ndi maina otchukawa. Ambiri adakalamba pa malipiro ochepa poyerekeza ndi anzawo a m'kalasi amene adapita ku mabanki ndi makampani, ndipo maina awo sadziwika. Ena adalipira ndi moyo. Griffiths Mxenge, loya wa ku Durban woimira omangidwa pa zandale, adaphedwa ndi apolisi achinsinsi mu Novembala 1981. Mkazi wake Victoria, namwino amene adaphunzira malamulo napitiriza ofesi ya mwamuna wake, adaphedwa pakhomo pa nyumba yake ku Umlazi mu Ogasiti 1985. Ndipo bungwe lodalira mphatso limagona ndi nkhawa chaka chilichonse, chifukwa wopereka akatembenukira kwina, ofesi imatsekedwa milandu ili pakati.

Zigamulo za Komani ndi Rikhoto sizidawakhudze Amalawi a pa Wenela, pakuti lamulo linkawawerengera alendo akunja, ogona m'komboni ya mgodi ndi kubwerera kwawo kontirakiti ikatha. Mlandu wawo udali wina, ndipo udachedwa kwambiri kufika kukhoti. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 m'migodi ya South Africa mudali Amalawi oposa 100,000. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, nipha anyamata athu oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, ndipo Dr Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu a kumigodi. Kulembako kudayambanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, limene kwathu kuno timati Theba, kufikira 1988. Amuna amenewa adabwera ndi njinga, mawailesi, mabulangete ndi masutikesi. Ambiri adabweranso ndi chinthu chimene sankachidziwa m'chifuwa mwawo.

Mwala wa golide uli ndi fumbi losalala kwambiri, losaoneka ndi maso, limene limabuka pobowola ndi pophulitsa. Likalowa m'mapapo silitulukanso. Mapapo amachita zipsera nauma pang'onopang'ono, munthu amayamba befu pokwera kachitunda, ndipo chifuwa chachikulu chimamgwira mosavuta. Madokotala amati matendawa ndi silicosis. Alibe mankhwala, ndipo kawirikawiri amaonekera patapita zaka 10 kapena 20, munthu ali kale kumudzi. Eni migodi sangati sankadziwa. South Africa idali ndi lamulo la chipepeso cha matendawa kuyambira 1911, ndipo msonkhano wa maiko onse wokamba za silicosis udachitikira ku Johannesburg komweko mu 1930. Koma mzungu wa mumgodi ankapimidwa kawirikawiri nalandira chipepeso chokwanira, pamene wakuda ankapatsidwa kangachepe, kapena kungobwezedwa kwawo osapimidwa. Pamene madokotala adapita kukapima amuna akale a m'migodi ku Thamaga m'dziko la Botswana ndi ku Libode ku Eastern Cape m'zaka za m'ma 1990, adapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse adali ndi mapapo oonongeka ndi fumbi.

Maloya onse ankakhulupirira kuti wa mumgodi sangasumire kampani yake, poti lamulo la chipepeso cha ovulala pa ntchito limaletsa wantchito kusumira bwana wake. Richard Spoor, loya wa m'katauni ka White River, adawerenga malamulowo mwa mtundu uja wa Chaskalson, naona kuti matenda a m'mapapo a anthu a m'migodi amalipidwa pansi pa lamulo lina, la 1973, limene mulibe chiletso chotere. Adatenga mlandu wa Thembekile Mankayi, amene adagwira ntchito pansi pa mgodi wa Vaal Reefs kuyambira 1979 kufikira 1995, nachotsedwa atadwala, ndi chipepeso cha R16,320. Makhoti awiri adamkana. Pa 3 Malichi 2011 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula kuti Mankayi ali ndi ufulu wosumira kampani ya AngloGold Ashanti. Mwini wake adali atamwalira masiku asanu ndi limodzi chigamulocho chisanawerengedwe. Nayonso LRC idali itayamba mu 2004 mlandu wa amuna a mgodi wa President Steyn posumira Anglo American, ndipo pamene kampaniyo idavomera kulipira mu 2013, ena mwa odandaulawo adali m'manda. Akuluakulu adati mlandu suola, ndipo nzoona. Koma mapapo a mwini mlandu sadikira.

Chifukwa cha ichi maloya adaona kuti kusuma mmodzimmodzi nkupereka chipambano kwa imfa. Spoor, Charles Abrahams wa ku Cape Town ndi LRC adaphatikiza milandu yawo, napempha khoti kuti amuna owerengeka, woyamba pa mndandanda Bongani Nkala, aimire onse odwala pamodzi ndi amasiye awo, posumira makampani 32. Pano tiyenera kunena poyera kuti mlandu waukulu chotere sukadatheka ndi mphatso zokha. Spoor ndi Abrahams si a mabungwe osafuna phindu. Adathandizidwa ndi ndalama za maofesi a maloya a ku America, pa pangano lakuti adzalipidwa mlandu ukapambana. LRC idaima nawo monga bungwe, ndipo maloya a bungwe lina, Section27, adabweretsa kukhoti mawu a amayi amene adatha zaka akusamalira amuna odwala, kutunga madzi, kuwasambitsa, ndi kutulutsa ana aakazi m'sukulu kuti athandize. Pa 13 Meyi 2016 khoti la ku Johannesburg lidalola mlanduwo kuyenda, ndipo lidasinthanso lamulo lakale limene linkati wodandaula akafa mlandu usanakhwime, chipepeso cha kuvutika kwake chimafa naye. Kuyambira pamenepo chinkayenera kupita kwa mkazi ndi ana.

Makampani asanu ndi imodzi, African Rainbow Minerals, Anglo American, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony ndi Sibanye-Stillwater, adasankha kukambirana. Pangano la R5 biliyoni lidasainidwa mu Meyi 2018, khoti lidalivomereza mu Julayi 2019, ndipo mu 2020 padakhazikitsidwa bungwe logawa ndalamazo, Tshiamiso Trust, lopatsidwa zaka 12. Panganolo likhudza amene adagwira ntchito ya fumbi m'migodi yotchulidwamo kuyambira pa 12 Malichi 1965, osayang'ana dziko limene munthu adachokera. Tsono zaka zimene Amalawi adachuluka koposa m'migodi zili m'kati mwake. Pa nthawi yosaina, panganolo lidati wodwala silicosis alandire R70,000, R150,000 kapena R250,000 malinga ndi kukula kwa matenda, ndipo pa odwalitsitsa ena ndalamazo zikadatha kufika R500,000. M'chaka cha 2023 ndalama zolipidwa zidapitirira R1 biliyoni, gawo lalikulu ku Lesotho ndi ku Eastern Cape, kumene maofesi ndi zipatala zopimira zidayamba kufika.

Apa nkhani ibwereranso pa tebulo lija la mafaelo. Kuti munthu alandire, ayenera kuonetsa kuti adagwiradi ntchito pa mgodi wakutiwakuti zaka zakutizakuti, ndipo umboni wake ndi nambala ya Theba, khadi la kumgodi kapena zidindo za m'pasipoti yakale, zinthu zimene m'nyumba zambiri zidadyedwa ndi chiswe. Mabuku a makampani a zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ndi osakwanira, ndipo maina a Amalawi ankalembedwa monga kalaliki wamvera. Wamoyo ayenera kujambulidwa m'chifuwa ndi kupimidwa mpweya ndi makina amene sapezeka pa chipatala chaching'ono. Kwa mayi wamasiye nkovutirapo. Lamulo la 1973 limati wa mumgodi akamwalira, mtima ndi mapapo ake zitumizidwe ku Johannesburg kukapimidwa, chinthu chimene banja la ku Dedza kapena ku Mzimba silidamvepo, ndipo mwina silikadalola. Popanda zimenezo pafunika kalata ya imfa kapena mapepala a chipatala otchula matenda amene adamupha. Koma kwathu kuno lamulo lokakamiza kulembetsa imfa iliyonse lidayamba kugwira ntchito mu 2015, pamene amuna ambiri a pa Wenela adali ataikidwa kale kumanda a kumudzi, ndipo wodziwa tsiku lake ndi nyakwawa ndi adzukulu okumba manda.